Wadya Kachewere

Ndinanama pakhomo la fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Mwana wanga Tamanda ali ndi chotupa pansagwada, ndipo adokotala anati asadye chilichonse asanamuchite opaleshoni. Koma analira mpaka ndinamupatsa kachewere wophika, nditamuphimba ndi chitenje.

"Mayi, mwanayu wadya kanthu?" anafunsa anamwino.

"Ayi," ndinatero, ine wopita kukoleji ndithu.

Akumukankha pakabedi ka matayala, mayi wina pabenchi anandinong'oneza: "Mwachita bwino osamudyetsa. Wokhuta akam'goneka tulo amasanza n'kutsamwa."

Ndinakuwa anthu onse akumva, "Wadya! Wadya kachewere!"

Anatibweza kwathu ku Tsangano, akuti tidzabwerenso mwezi wamawa. Bambo ake ndinawauza kuti kuchipatala magetsi anazima. Chotupacho chikukulabe, ndipo m'mawa uliwonse ndimachiyeza ndi zala iwo asanadzuke.