Mtengo wa mango wa alamu anga

Alamu anga a ku Mponela anandinyoza pamaliro, anthu akumva, kuti kusukulu ya zankhalango ndinkangowerenga masamba. Ndinawasungira chakukhosi.

Pokulitsa nyumba yawo anandifunsa kuti, "Alamu, tikakumba maziko pafupi ndi mtengo wa mangowu, suuma?"

Ndinkadziwa bwino kuti mizu yomwa madzi imayenda m'dothi lapamwamba, mpaka kupitirira pomwe mthunzi umathera. Ukaidula, mtengo umafa pang'onopang'ono.

"Kumbani, alamu," ndinatero. "Mizu yake imaloza pansi."

Mtengowo, umene anadzala malemu bambo awo, unayoyola masamba n'kuuma. Pano akuti anaulodza ndi aneba awo, moti sapatsananso moni. Akamandidandaulira, ine ndimangoti, "Anthu ndi oipa, alamu." Chondichititsa manyazi n'chakuti ndikaona chitsa cha mtengowo, kamtima kanga kamasekabe.