Chinsinsi cha Kudziwe la Chinangwa

Ku Tukombo mukafunsa za mayi Janet Chirwa, anthu angokuyang'anani ngati mwasokera. Nenani kuti NyaChirwa, uja amasunga azungu, akulozerani. Ndi mayi wamasiye, wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, mlimi wa chinangwa, ndipo si munthu wolongolola. Nyumba yake ili ndi chipinda cha simenti chimene mpingo umagonekamo amishonale akabwera.

Hannah, mtsikana wachizungu wa umishonale, anakhalamo zaka ziwiri. Anafika wosadziwa n'komwe kupereka moni, akulandira zinthu ndi dzanja lamanzere. NyaChirwa anamuwongola ngati mwana wobala yekha, mpaka mtsikanayo ankamutchula kuti Ama, ndiko kuti amayi m'Chitonga, n'kumapita naye kudziwe kumene amayi amaviika chinangwa cha kondowole. Paja kudziwe n'kumene amayi amakhuthulirana za mumtima, manja ali m'madzi onunkha aja, ndipo zonenedwa kumeneko sizikwera kumtunda. Palibe amene amaphunzitsa mnzake zimenezi, aliyense amangodziwa.

Tsiku lina ali awiriwiri, NyaChirwa anaulula chimene anabisa ngakhale kwa abusa: mwana wake Lusizi ali ndi khunyu. Amamwa mankhwala a kuchipatala, ndipo panali patatha zaka zitatu asanagwe. Maxwell, mnyamata wa ku Chintheche amene ankamufunsira, ankadziwa ndipo analibe nazo kanthu. Koma makolo ake akanangomva, ukwati ukanathera pomwepo. Hannah analira, namugwira dzanja, nati apemphera.

Tsiku lochoka Hannah, NyaChirwa anamumangira ufa ndi usipa wouma, namuperekeza mpaka pamsewu akulira mosabisa.

Patatha mwezi m'chipinda chija munafika mmishonale wina, Jennifer, wamtali, woseka ndi aliyense. Lamlungu anamuimika kutsogolo kuti apereke moni, a Nkhoma mkulu wa mpingo akumasulira m'Chitonga. Makolo a Maxwell analiponso. Anabwera kudzaona banja la mtsikana, ndipo anakhala pa benchi lachiwiri.

"Ndabwera ndi moni wa Hannah," anatero Jennifer, akutambasula pepala. "Ankatilembera kalata mwezi uliwonse, ndipo tinkaiwerenga mutchalitchi kwathu. Tonse takhala tikupempherera Lusizi kuti Mulungu amuchiritse khunyu."

A Nkhoma, munthu wokhulupirika mopitirira muyeso, anamasulira liwu lililonse. Anazindikira mawu atatuluka kale. Lusizi, amene anali m'kwaya, anaweramitsa mutu. Mayi a Maxwell anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana NyaChirwa, kenaka anakonza mpango wawo kumutu.

Lachinayi kunabwera thenga, uja woyenda pakati pa mabanja awiri pa nkhani za ukwati. Mpando anaukana. Anangoti akuchimuna akufuna aganize kaye. Kuno aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo: za ukwati zatha.

Amene anamuwawitsa mtima NyaChirwa si Jennifer ayi, iye anangobwereza zimene anamva. Ndi Hannah. Mwana amene anamuphunzitsa kumanga chitenje, amene anamuphikira phala atadwala malungo, kutenga za kudziwe n'kukaziyala pamaso pa anthu mazanamazana kudziko la eni! Ndiye kuti masiku onse aja ankamvetsera dzanja likuyabwa kuti akalembe? Kalata ya Hannah imene Jennifer anamubweretsera, yoyamba ndi mawu akuti "Ama wanga", anaiponya pansi pa sutikesi osaimaliza.

Anzake anamuuza kuti amubwezere ku mpingo Jennifer. NyaChirwa anakana, nati sanayambe wathamangitsapo munthu pakhomo pake. Mpaka lero amamuphikira, amamutenthetsera madzi osamba, amamuphunzitsa moni wa Chitonga. Lusizi yekha ndiye anachoka. Anakwera boti kupita kwa azakhali ake ku Usisya, ndipo tsiku lobwerera sananene.

Jennifer atauzidwa chimene anachita, anapepesa mpaka maso kufiira. Sabata yotsatira anamulondola NyaChirwa kudziwe, napempha mpeni. Anasenda chinangwa limodzi nthawi yaitali.

"Ama," anatero pamapeto pake, m'Chichewa chake chothyokathyoka, "ndikufuna kukupemphererani. Ndiuzeni chimene chili mumtima mwanu."

NyaChirwa anaponya chinangwa m'beseni, natenga china.

"Muzinditchula NyaChirwa," anatero. "Pemphererani mvula."