Tsiku limene ndinakana dzanja la apongozi

Ndinali ndi ana anayi pamene ndinasiya dimba langa la mpunga ku Bua n'kupita kukaphunzira uzamba pachipatala cha mishoni ku boma. Inali nthawi ya atsamunda, ndipo ndinayenda wapansi, katundu pamutu. Sukulu ndinali nditalekezera Sitandade 3 kalekale. Ansembe ndiwo anandipereka, poona kuti ndinkawerenga mawu m'tchalitchi osadodoma. Sisitala wachizungu woyang'anira azamba anati andiyesa mwezi umodzi, ndikalephera ndibwerere kumudzi.

Kubwererako ndiye kunkandidyetsa mantha. Dimba ndinali nditapatsa kale achimwene, ana ndinasiyira amayi, ndipo apongozi anga aakazi ananena pamaso pa anthu kuti, "Mayi wa ana anayi kukakhala pabenchi? Abwerako ndi manyazi mumtanga." Bambo a ana okha ndiwo anati pitani, Mulungu akutsogolereni.

Anzanga m'kalasi anali atsikana oti ndikanatha kuwabereka kumbuyo. Wina wa ku Dwambazi sankandipatsa mpata. "Amama," ankatero, "pensulo si khasu, musaigwire ndi manja awiri." Ndinkaseka nawo, mtima uli phaphapha.

Mabuku sanandivute monga ndinkaganizira. Chimene chinatsala pang'ono kundibweza ndi ulemu. Lamulo linali lakuti ukasamba ndi sopo ndi bulashi mpaka m'zigongono, manja uwaimike m'mwamba, usakhudze kanthu kufikira ntchito itatha, chifukwa pali tizilombo tosaoneka timene timapha mayi atachira kale. Koma ine ndinaleredwa kuti wamkulu akakuitana umagwada. Sabata yoyamba sisitala anandiitana nditasamba, ine gwadu, manja pamaondo. Anandibweza kukasambanso. Tsiku lina anandipatsa lumo, ndinalandira dzanja lamanzere litagwira malaya pamkono wamanja, monga tilandirira chinthu kwa akulu.

"Kawiri," anatero m'Chinyanja chake chopotoka. "Kachitatu, kunyumba."

Kuyambira pamenepo chakudya chinkandikanika. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, maondo ogwadawa munandipatsa ndinu, ndiphunzitseninso kuimirira.

Sabata yotsiriza, m'mawa dzuwa litakwera, anabweretsa pabwato mtsikana wa mimba yoyamba amene anavutika chiyambire dzulo lake. Anali mlamu wanga, chitsiriza cha apongozi. Sisitala anandiuza kuti ndisambe ndimuthandize. Ndangoimika manja chonchi, madzi akudontha m'zigongono, pakhomo panatulukira apongozi eni ake, nsalu itanyowa m'munsi. Atandiona nkhope yawo inamasuka, chifukwa nawonso anali ndi mantha. Anabwera molunjika, natambasula dzanja.

"Kodi muli pompano? Tathokoza. Muli bwanji, make mwana?"

Sisitala anali kumbuyo kwanga. Maondo anga anayamba kupinda okha. Chibadwire sindinayankhepo mayi amenewa ndili chilili. M'maganizo ndinaona mtanga wa manyazi uja uli pamutu panga, ndikulowa m'mudzi anthu akuyang'ana. Ndinaonanso mlamu wanga pabedi, milomo itauma.

"Pepani amayi," ndinatero. "Manja ndasamba."

"Nanga angawa ndi onyansa?"

"Iyayi amayi."

"Mwezi umodzi wokha, mwasanduka kale dona?"

"Manjawa lero si anga, amayi. Ndi a mwana wanu."

Dzanja lawo linakhala m'malere kanthawi, kenaka analibweza n'kulipisa m'nsalu. Anatuluka osacheuka. Ndinagwira ntchito yonseyo misozi ili m'maso, ndipo sindikanatha kuipukuta. Mtsikana wa ku Dwambazi uja ndiye anandipukuta ndi kansalu, nandinong'oneza kuti, "Limbani, amama."

Mwana anabadwa dzuwa litapendeka, wamkazi, wolira bwino. Sisitala anasamba m'manja, nandiyang'ana pamwamba pa mandala ake.

"Mawa ubwere msanga. Lolemba tiyamba buku lachiwiri."

Sindinakondwere nthawi yomweyo, pakuti panali patatsala pena. Ndinawapeza apongozi atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, pamene ankadikirira achibale a odwala. Ndinagwada patali mumchenga, ndinayenda ndi maondo, n'kutambasula manja onse awiri. Anawayang'ana, sanawalandire.

"Akutaya magazi?" anafunsa.

"Iyayi amayi. Wagona, mwana ali pambali pake."

Kenaka anasendera pang'ono n'kusiya malo pamkeka.

Moni wa padzanja anadzandipatsa mvula itagwa, pamene ndinapita kukaona ana. Mawu a dona aja sanawabweze, inenso sindinawakumbutse. Ntchito ya uzamba ndinaigwira mpaka imvi, ndipo nthawi zonse ndikaimika manja ndinkathokoza Ambuye amene anagwira maondo anga m'mawa umene uja.