Mphepo ya ku Kaning'ina yayamba kuchedwa

Eyakoni ya galimoto yathu inasankha sabata yoipa kuti ife.

Inayamba ndi kulira ndikangoiyatsa, kenako inakhala chete n'kumatipumira mpweya wotentha kumaso. Galimoto yake ndi ija yaitali miyendo, imene tinagula yogwirapo kale ntchito kuti izitha matope a ku Katoto ndi kunyamula banja lonse pamaliro ndi paukwati. Ndinapita nayo kwa makaniko wanga ku Chiputula ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti yangotha gasi.

Mkuluyo anatsegula boneti, anatchera khutu, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono ngati wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Abwana, apa si gasi yayi. Kompuresa yafwa."

"Ndiye ingadzuke?"

"Kudzuka ingadzuke, kweni mpaka tiitanitse ina ku Tanzania. Mwezi uno sifika."

Atatchula mtengo wake ndinaseka, poganiza kuti akunena mtengo wa galimoto yonse. Iye sanaseke.

Ikanakhala sabata ina iliyonse, ndikanangotsitsa magalasi n'kuiwala. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo nditafika ku Mzuzu kudzayamba ntchito, chinthu choyamba chimene ndinagula chinali juzi. Masiku amenewo munthu wofuna eyakoni mumzinda muno tinkamuona ngati wongofuna kuonetsa chuma. Kuzizira tinali nako kwaulere, kochuluka mpaka kodandaulitsa.

Koma sabata imeneyi mwana wathu woyamba, Tawonga, amalandira digiri yake pa yunivesite ya mumzinda muno, ndipo panali munthu mmodzi amene sakanayenera kusowa pamwambowo. Ameneyo ndi agogo ake, apongozi anga aamuna, a Chirwa a ku Nkhata Bay, mphunzitsi wopuma amene anamuphunzitsa kuwerenga asanayambe n'komwe sukulu. Maso awo anazima zaka zingapo zapitazo. Kuyambira tsiku limene Tawonga anasankhidwa, mawu awo akhala amodzimodzi: kuona sadzaona, koma dzina la mdzukulu wawo akufuna kulimva ndi makutu awo likutchulidwa pagulu.

Vuto ndi mtima wawo. Magazi amathamanga, ndipo adokotala anatichenjeza kuti kutentha ndi mdani wawo. Chaka chatha anakomoka ali m'tchalitchi. Tsopano taganizani: chilimwe chili pachimake, kunyanja kukuwotcha, msewu ndi chitunda chokhachokha, galimoto ilibe eyakoni.

Mayi a kunyumba, NyaChirwa, anati tiwasiye, tidzawajambulire mawu pafoni. Titawaimbira kuwauza maganizo amenewa, anangoti, "Mupatse foni mwamuna wako."

Ine amanditchula kuti Angoni, ndipo m'mawu amenewo mumakhala chipongwe ndi chikondi mosakanikirana.

"Angoni, ine chitunda chimenecho ndinkachikwera pamwamba pa lole ya matabwa inu musanabadwe. Mubwere mudzanditenge. Mukandisiya, ndikwera minibasi."

Tinagwirizana kuti tinyamuke kunyanja dzuwa lisanakwere. Koma kodi munayamba mwayesa kunyamula Mtonga wachikulire mofulumira? Panali pemphero la m'nyumba. Panali akulu a mpingo obwera kudzatsanzika, aliyense ndi moni wake wofunsa mpaka za nkhuku. Panali taye imene inasowa. Pamene tinkatseka zitseko, mthunzi wa munthu unali utayamba kale kufupika.

Ndinawakhazika kutsogolo, magalasi onse pansi, NyaChirwa kumbuyo ndi botolo la madzi ndi kansalu konyowa. Ndivomere, ndinali ndi mantha.

Ndanyamula mkuluyu kambirimbiri pamsewu umenewu, ndipo nthawi zonse amangoti duu kuchokera kunyanja mpaka pageti pathu. Ndinkayesa kuti amagona, kapena kuti kucheza ndi mkamwini sikuwasangalatsa. Tsiku limeneli tisanapite patali anatembenuzira nkhope kuwindo.

"Apa pali amayi aanika chinangwa chovuula lero," anatero.

Ndinayang'ana. Chinalidi pathandala m'mbali mwa msewu, choyera mbuu.

Patsogolo pang'ono anati, "Tatsikira m'dambo la Limphasa. Mukumva matope?" Ine ndinkangomva fungo la matayala. Tisanaone n'komwe denga limodzi la pa Mpamba, iwo anali atanena kale kuti tafika, ndiponso kuti nthochi zapsa kwambiri chaka chino. Anadziwa pamene tinadutsa sukulu, ana ali m'kalasi osamveka, chifukwa cha fumbi la pabwalo losesedwa. Anadziwa pamene msewu unayamba kukhota molunjika kumapiri chifukwa dzuwa linachoka patsaya n'kupita pakhosi.

Msewu umene ndimauyenda ndi maso awiri, munthu wosaona amauwerenga ndi mphuno ndi khungu, osaphonya mzere.

"Adada, nanga masiku onsewa munkakhaliranji chete?" ndinafunsa.

"Ndikanalankhula chiyani? Galimoto yanuyi inali bokosi. Mumandilowetsa ku Nkhata Bay, mumanditulutsa ku Mzuzu, pakati palibe dziko. Lero ndiye ndayenda ulendo."

Zaka zonsezi ndinkanyadira kuti ndimawanyamula mwaulemu, mozizira bwino, osadziwa kuti ndikatseka magalasi ndimawazimitsa maso kachiwiri.

Koma chisangalalo chinatha titayamba chitunda chenicheni. Kutsogolo kwathu kunali thiraki yolemedwa, ikukwawa, ndipo pamakona amenewo sungapitirire mnzako ngati moyo ukuufuna. Liwiro litachepa, mpweya wolowa pawindo unasanduka wa m'ng'anjo. Mkulu uja anasiya kulankhula. Thukuta linanyowetsa kolala. Kupuma kwake kunayamba kumveka. NyaChirwa anamasula taye ija n'kumawapukuta pakhosi, uku akundiyang'ana pagalasi ndi maso onena kuti, ndinanena ine.

"Adada, tibwerere?" anafunsa.

"Yayi, mwana wane. Ndikudikira mphepo."

Ine, Mngoni wolankhula Chichewa, ndinayankha kuti mphepo ibwera thirakiyo ikatipatsa mpata tithamange.

"Angoni, zaka zonsezi kuno simunaphunzire? Imeneyo ndi ya galimoto. Ine ndikunena mphepo."

Apa ndiyenera kufotokozera anzanga a kumwera ndi pakati. Kwathu tikati mphepo, kawirikawiri timanena ija yogwedeza mitengo ndi kuulutsa madenga. Kuno akati kuli mphepo, akunena kuzizira, ngakhale tsamba limodzi lisakugwedezeka. Ndipo mphepo imene mkuluyu amanena inali ndi kwawo. Imachokera m'nkhalango ya Kaning'ina, n'kutsika ndi zigwa kukachingamira aliyense wochokera kunyanja.

"Pali kona ina kutsogoloku, pamene madzi amadutsa pansi pa msewu," anatero mopumira m'mwamba. "Pamenepo timavala majekete. Sinandinamizepo."

Tinafika pakonapo. Ndinamva matayala akudutsa pa kamlatho. Mkulu uja anatukula nkhope kudikira.

Kunalibe kanthu. Kutentha komwe kuja.

"Mwasintha msewu?" anafunsa.

Ndikanawauza chiyani? Kuti kumanzere ndi zitsa zakuda ndi mizere yodikira mvula? Kuti kumanja kuli uvuni wa njerwa ukufuka? Kuti anthu amene tikuwadutsa akukankha njinga zosenza matumba a makala aatali kuposa eni ake, onse kulunjika kumene tikupita ife?

Sanafunsenso. Ndikhulupirira utsi unawauza zonse. Mutu wawo unatsamira pampando, pakamwa pali potsegula, ndipo NyaChirwa anayamba kupemphera chapansipansi m'Chitonga. Ine ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mumtima ndikuwerengera kuti chipatala chapafupi chili kutsogolo kapena kumbuyo. Ndinaona kale m'maganizo mwanga Tawonga atavala gauni, ife tikumuuza kuti agogo ake tinawapha ndi chitunda.

Tinakwerabe. Kona ina, kona inanso. Kenako mitengo inayamba kuyandikira msewu mbali zonse, mthunzi unagwera pagalasi la kutsogolo, ndipo chinthu china chinalowa m'galimoto.

Sindikudziwa kuti ndichifotokoze bwanji kwa munthu amene sanachimvepo. Sichinawombe. Chinangofika, chonyowa pang'ono, chonunkhira masamba ovunda ndi madzi a pamwala, n'kukhala pamikono pathu. Panthawi imeneyo dzuwa linali pamutu, mwezi wotentha kuposa yonse, koma thupi langa linachita tsembwe.

Mkulu uja anakoka mpweya wautali, wina, winanso. Anakhala tsonga pampando. Kenako anavula chipewa, monga amachitira polowa m'tchalitchi, n'kutembenukira kunkhalango.

"Monire," anatero, kuilonjera ndi kuithokoza mphepo ija. "Yewo chomene."

Ndinaimitsa galimoto pambali n'kuzimitsa injini. Tinakhala pamenepo tikumva mbalame ndi madzi penapake m'munsi. Ndakhala mu Mzuzu theka la moyo wanga, koma ndinali ndisanaimepo kuti ndidabwe ndi chinthu chimenechi: phiri lopuma, lopanda waya, lopanda gasi, likuziziritsa mzinda wonse usana ndi usiku kuyambira makolo a makolo, osatumiza munthu kudzatolera kanthu.

Atamwa madzi, nkhope itayambanso kuwala, mkuluyo anati, "Yachedwa. Kale inkatsika kudzatichingamira kumunsi kuja. Lero yakalamba ngati ine, ikungodikirira alendo pakhomo."

Mawu amenewa andisowetsa tulo kuposa mtengo wa kompuresa.

Mzinda wathu wakula, ndipo ine ndine mmodzi wa okondwa nako. Yunivesite yatibweretsera ana a dziko lonse, ndipo wanga ndi mmodzi mwa opindula. Kumene kunali tchire lero kuli mahositelo, masitolo ndi nyumba za malata owala. Koma ana amenewa amadya, ndipo chakudya chawo chimapsa ndi makala. Amagona m'zipinda, ndipo njerwa iliyonse ya zipindazo inawotchedwa ndi mtengo umene unali chilili penapake. Thumba la makala lili m'khitchini mwathu ku Katoto silinagwe kumwamba. Bambo wokankha njinga uja si mfiti. Akudyetsa ana ake ndi njala yathu ya moto.

Ndiye taonani zimene tikuchita. Pagalaja paja ku Chiputula sindinali ndekha. Panali mzere wa magalimoto, eni ake onse akudandaula za eyakoni, mu Mzuzu momwe muno mmene tinkaseka anthu oyatsa fani. Tikulipira ndalama zowawa kuti m'kabokosi ka malata muzizire anthu asanu, pamene chimakina chachikulu chimene chinkaziziritsa tonse, wagalimoto ndi wapansi yemwe, tikuchiphwasula chidutswachidutswa n'kumachigula m'matumba.

Ndipo chifukwa timadutsa magalasi ali otseka, sitikudziwa n'komwe kuti chikufooka. Zinatengera makina kufa ndi munthu wosaona kuti ine ndidziwe kuti mphepo yabwerera m'mbuyo makona angapo. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Kodi ife tikudikira kuti tichiyeze chitauma?

Sindikunena kuti tisiye kumanga, kapena kuti ana aziphika ndi mapemphero. Ndikungofunsa kuti mwa ana onse amene avala magauni sabata ino, ophunzira za nkhalango, za mphamvu, za kamangidwe ka mizinda, tawapatsa mpata wotani woti atiphikitse ndi kutimangitsa popanda kudya phiri? Nanga ife eni maploti, amene timadula mtengo uliwonse tisanakumbe maziko kuti nyumba ioneke bwino kumsewu, tabzalapo chiyani?

Tsiku la mwambo mkulu uja anakhala pakati pathu, taye ili m'malo mwake, manja ali pandodo. Maina anali ambiri ndipo anawamvetsera onse ngati akuitana kalasi yake. Litamveka la Tawonga sanaimirire, sanaombe m'manja. Anangogwira dzanja langa n'kulifinya mpaka kupweteka, misozi ikutsika m'maso aja amene sanaone kalikonse.

"Angoni," anandinong'oneza, "tafika."

Dzulo makaniko wandiimbira. Akuti wapeza kompuresa ina yabwino ndithu kwa mnzake, ndipo mtengo watsikako. Ndikonzetsa, chifukwa mvula ikayamba magalasi amachita nkhungu ndipo popanda eyakoni suona msewu. Koma apongozi anga andilamula kale kuti galasi la mbali yawo lisadzatsekedwenso. Akuti akufuna azidziwa pamene mphepo yafika chaka chilichonse, ndi kuipatsa moni ikadalipo.

Kompuresa ya galimoto yanga taipeza, ndipo ikanavuta tikanaitanitsa ku Tanzania. Nanga ya ku Kaning'ina ikadzafa, tidzaitanitsa kuti?