Jekete ya a Musagwedezeke

Mukafika mumsewu wathu n'kufunsa kojambulitsa zithunzi, palibe amene angakuuzeni dzina la sitolo. Aliyense amangoloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Pitani kwa a Musagwedezeke." Amenewo ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ndipo dzinalo analipata chifukwa ndiwo mawu amene akhala akuuza anthu kwa zaka makumi atatu asanadine batani la kamera. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la situdiyo yawo, moti palibe chochitika mkatimo chimene chimandidutsa.

Situdiyoyo ndi kachipinda kamodzi. Muli nsalu yabuluu pakhoma, mpando wopanda chotsamira, galasi, chipeso chomangidwa pachingwe chifukwa zipeso zina zinayenda ndi makasitomala, komanso mataye atatu omangiratu. Ambiri obwera kumeneko ndi ofuna ntchito, amene amafuna kachithunzi koti amate pa kalata. Alamu anga sajambula munthu asanamulalikire. "Chithunzichi chikafika kwa bwana iwe usanafike," amatero. "Tukula chibwano. Usandiyang'ane ngati ndakubera njinga. Mwetulira pang'ono, osati mpaka tione chimene wadya." Anthu amaseka, mapewa n'kugwa, ndipo nthawi yomweyo iwo amafuula kuti, "Musagwedezeke!"

Koma mfumu ya chipindacho ndi jekete. Ndi yakuda, ya nsalu yabwino ndithu, ndipo kutsogolo kwake ndi kosalala moti ntchentche ikhoza kuterereka. Kumbuyo ndiye musafunse. Alamu anatumbula msoko wapamsana kuchokera m'munsi mpaka pafupi ndi kolala, kuti munthu wonenepa azikwanamo. Akabwera wowonda, amaikoka kumbuyoko n'kuipana ndi mapegi oyanikira zovala. Jekete imodzi yomweyo yavalidwa ndi madalaivala, alonda, akalaliki ndi aphunzitsi, ndipo ambiri a iwo ntchito anaipezadi. Ine monga telala zinkandinyansa. Chaka ndi chaka ndinkati, "Alamu, bweretsani ndiisoke, mukundichititsa manyazi pakhonde pano." Iwo ankangoyankha kuti, "Alamu, chithunzi sichiona kumbuyo."

Alamu ndi achemwali anga ali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, namwino. Iyeyu anagwa m'chikondi ndi mwamuna wochokera kudziko lakutali amene anabwera kudzakonza makina a pachipatala chawo. Munthu wofatsa, wolemekeza akulu, chinenero chathu amachithyolathyola koma timamvana. Vuto linali mayi ake. Bambo ake anamwalira kalekale, anamulera ndi mayiyo yekha, ndipo analonjeza kuti sadzakwatira mkazi amene mayi ake sanamuvomereze. Tsopano mayiyo anali kubwera kudzationa, ndipo chinenero chokha chimene tikanakumanirana chinali Chingerezi.

Mwana wathu anabwera pa situdiyo tsiku lina masana, akadali mu yunifolomu, nakhala pa mpando wa makasitomala. "Adadi," anatero, "mayi amene aja akapanda kutikonda, nkhani yathera pomwepo. Ine mwana wawoyu ndimamufuna." Ndinaona alamu anga, munthu wosasowa chonena, akupukuta galasi la kamera limene anali atalipukuta kale.

Sabata yomweyo analembetsa sukulu ya Chingerezi ya akuluakulu, ndipo anandikokera inenso, akuti kuti ndikawathandize kuchita manyazi. Achemwali anga anakana, amvekere, "Ine ndidzangomwetulira, kumwetulira kulibe chinenero." Tinkaphunzira Loweruka masana m'kalasi ya ana, mawondo athu akugunda kumadesiki. Chingerezi cha alamu chinali cha zigamba, mawu apa ndi apo amene anatola kwa makasitomala, koma ankachilankhula mwamphamvu ngati ndi chawo chobadwa nacho.

Tsiku lina aphunzitsi athu, mayi wachitsikana woleza mtima, anati tiphunzire kupereka malangizo: kunena kuti munthu ayenera kuchita chakuti, sayenera kuchita chakuti. Mutu wake unali wakuti, ungatani kuti munthu amene wakumana naye koyamba akuone bwino? Eee, apa ndiye anaponya nsomba m'madzi. Dalaivala wina atangoti munthu ayenera kufika nthawi yabwino, alamu anali ataimirira kale. Anati uyenera kupesa. Uyenera kuyang'ana munthu m'maso koma osamutong'olera. Suyenera kupereka moni dzanja lili lonyowa. Mawu a Chingerezi akawathera ankamaliza ndi manja. Pomaliza anati, "Chachikulu n'chakuti munthu aone mbali yako yabwino yokha. Zinazo si zake." Kalasi yonse inawomba m'manja, ine ndekha ndinapinda manja.

"Alamu," ndinawauza tikubwerera, "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Nanga ndani wakuuza kuti uutumbule mkuyuwo?" anayankha choncho.

Aphunzitsi anawalembera moni wautali wolandirira mlendo, ndipo alamu anauloweza ngati pemphero. Ankaunena pagalasi, ankaunena kwa ine, ankaunenanso kwa makasitomala osalakwa amene anangobwera kudzajambulitsa. Zonse zinali m'malo mpaka dzulo lake la tsiku lokumana ndi mlendoyo, pamene anatulutsa suti yawo m'sutikesi. Sutiyo anaisoketsa mimba isanabwere. Mabatani ndi mabowo ake zinangoyang'anana patali ngati anthu odana. Ndinati ndiikulitse, koma m'misoko munalibe nsalu yotsala.

"Ndivala ya mu situdiyo," anatero. "Jekete imene ija yalembetsa anthu ntchito osawerengeka. Ingalephere kukwatitsa mwana mmodzi?"

"Ndiye bweretsani ndiisoke. Mphindi khumi zokha."

"Ukaisoka ichoka mwayi. Ndiponso Lolemba onenepa adzavala chiyani? Ine ndikakhala chotsamira khoma, palibe akaone msana wanga."

Ndinakwiya zenizeni, ndipo ndinawauza mawu amene mlamu yekha ndiye angauze mwamuna wa mkulu wake. Sizinathandize. M'mawa mwake ndine ndemwe amene ndinawapana ndi mapegi anayi kumsana, uku ndikutukwana chamumtima.

Tinakumana kunyumba imene mwana wathu amachita lendi. Pabalaza pake ndi paching'ono: sofa imodzi, mipando iwiri, tebulo, ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Alamu anafika msanga n'kusankha mpando wa pakona. Mlendo atalowa, iwo anaimirira osachoka pakhoma, natambasula dzanja patali ngati munthu wothyola chipatso cha kuseri kwa mpanda. Kutsogolo ankaoneka ngati bwana wa banki, izi ndivomereze.

Mlendoyo anali mayi wamtali, wa imvi zopesa bwino, wovala mwaulemu. Anagwira dzanja la alamu, nagwedeza mutu, milomo ili chitsekere. Alamu anayamba moni wawo uja. Chiganizo choyamba chinatuluka bwino, chachiwiri chinatsimphina, ndipo atayang'ana nkhope yosasekayo, chachitatu chinathawa osatsanzika. Anangoti kukamwa yasa, kenako n'kukhala pansi.

Ola limenelo sindidzaliiwala. Mwana wathu anabweretsa tiyi ndi mabisiketi. Mlendo anamwa tiyi atatembenukira kumbali, mabisiketi sanawakhudze. Tikamufunsa za ulendo, ankayankha mawu amodzi, kampango kali pakamwa, ngati kuti m'nyumbamo mukununkha. Achemwali anga anamwetulira mpaka masaya kuwawa, koma kumwetulira kwawo kopanda chinenero kuja sikunabwezedwe. Alamu ataitanidwa kuti akasambe m'manja, anayenda cham'mbali ngati nkhanu, msana ukukhula khoma, ndipo mlendo anawayang'ana modabwa. Ine mumtima ndinati mayi ameneyu ndi wonyada, watiyeza ndipo wationa kuti ndife opepuka.

Nditapita kukhitchini ndinapeza mwana wathu ataima pasinki, madzi akungotayika. "Amayi aang'ono, sanatikonde," ananong'ona. "Taonani, ngakhale kundimwetulira sanandimwetulirepo." Ndinamupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yanga. Nanenso ndinkaona chimodzimodzi.

Titabwerera, mlendo anali atanyamula kale kachikwama kake, akuti akufuna akapume. Mwana wake, pofuna kupulumutsa tsikulo, anati tijambulitse kaye chithunzi chimodzi. Anatulutsa foni, natiimika tonse kutsogolo kwa zenera, dzuwa lili kumsana kwathu, iye n'kugwada pansi kuti atijambule chochokera m'munsi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Alamu anapirira nkhope yosaseka, anapirira moni wothawa, koma izi zokha sakanatha. "Iyayi, iyayi, iyayi!" anakuwa. "Mwana iwe, ukufuna tituluke ngati mithunzi? Ndani anakuuza kuti munthu amajambulidwa kuchokera kumphuno?" Anatuluka pamzere, nalanda foni, natembenuka kuti akoke katani. Msana wonse unali poyera: jekete yong'ambika kuchokera m'munsi mpaka m'khosi, malaya oyera akusuzumira, mapegi anayi ali ndondondo, awiri ofiira, ina yobiriwira, ina yathabwa. Atakweza mkono kuti afikire katani, pegi imodzi inati tha! n'kuuluka, n'kukagwera m'kapu ya mlendo.

Mwana wathu anagwira kumaso. Alamu anauma dzanja lili m'mwamba, osagwedezeka, monga amauzira anzawo.

Kenako tinamva kamawu ngati ketulo ikayamba kuwira. Anali mlendo. Anayesa kutseka pakamwa ndi kampango, koma chiseko chinamuposa mphamvu, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. Apo m'pamene tonse tinaona: kutsogolo kwenikweni, m'mwamba, munalibe dzino. Panali mpata woti n'kulowetsapo pensulo.

Mwana wake anatifotokozera, nayenso akuseka. Mayi akewo anali ndi dzino loikirira, ndipo m'mawa womwewo linagwera mu sinki ya kuhotela n'kupita ndi madzi. Analira, akuti makolo a mtsikana akawaona chonchi adzati mwana wawo akukwatiwa kubanja losadzisamala. Anamulumbiritsa mwanayo kuti asauze munthu, ndipo anatsimikiza kuti tsiku lonse satsegula pakamwa. Ife tinkati akutinyoza, chonsecho mayi wa anthu ankafa ndi mantha ofanana ndi athu.

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mpata wa dzino uja, mlendo anayang'ana mapegi, ndipo awiriwo anayambiranso kuseka ngati ana a sukulu. Mukudziwa, Chingerezi chimene chinathawa chija chinabwerera, koma osati cha aphunzitsi. Chinabwera cha ntchito, cha zigamba chija. Anamuuza mlendo kuti ayenera kukhala apa, ayenera kutukula chibwano, sayenera kubisa kanthu. Anakoka mwana wathu n'kumukhazika pambali pake. Mlendo anamukumbatira mtsikanayo paphewa, namupsompsona pachipumi, akusekabe.

"Musagwedezeke!" anafuula alamu m'chinenero chathu, ndipo ngakhale mlendo anamva.

Mayi amene ankafuna kukapuma uja anachoka dzuwa litapendeka, mabisiketi atawamaliza powaviika mu tiyi. Potsanzika anagwira manja a achemwali anga, ndipo kudzera mwa mwana wake anati, "Ndimaopa kuti ndikupereka mwana wanga kwa anthu osalakwitsa kanthu. Anthu otero ine sindikanatha kukhala nawo." Pegi ija anaivuula m'kapu, naipukuta, naiponya m'kachikwama kake. Tsiku la ukwati anabwera ndi dzino latsopano, koma atandiona anatsegula kachikwamako n'kundionetsa kuti pegiyo ilipo.

Loweruka lotsatira tsiku la mapegi lija, aphunzitsi anafunsa alamu mmene zinayendera, ndipo anawapempha kuti abwereze malangizo awo aja kwa ophunzira atsopano. Alamu anaimirira, nakanda m'mutu. Anati kupesa n'kofunikabe, kufika msanga n'kofunikabe. "Koma lija ndinati munthu aone mbali yabwino yokha, lifufuteni m'makope mwanu," anatero. "Limagwira pa chithunzi basi. Munthu amene udzakhale naye moyo wonse, tsiku lina adzayenda kumbuyo kwako. Ndiponso ukaona mnzako sakuseka, usafulumire kunena kuti ndi wonyada. Mwina naye ali ndi mapegi ake."

Chithunzi chija anachikulitsa, ndipo chili pakhoma la situdiyo, pamwamba pa galasi. Pa zithunzi zonse za m'chipindamo, ndi chokhacho chimene munthu akuseka mpaka kuonetsa chimene alibe. Ofuna ntchito akachiyang'ana amafunsa kuti mayiyo ndani, ndipo alamu amayankha monyadira kuti, "Asewere anga amenewo."

Mwezi wathawu anatuluka ndi jekete ija pamkono, naiika pa makina anga. Akuti yakalamba, mwina nthawi yakwana yoti ndiisoke. Ndinaitembenuza, ndinayang'ana msoko umene ndakhala ndikuulakalaka zaka zonsezi, ndipo ndinawabwezera.

"Alamu," ndinatero, "jekete imene inakwatitsa mwana wathu ine sindiikhudza. Kagulireni mapegi ena."