Mapaipi a geti kumphuno kwa takisi yathu

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande, ndipo ndisaname, geti amalidziwa. Ukawapatsa mapaipi ndi malata amakupangira geti loti wakuba amangoliyang'ana n'kubwerera kwawo. Mafelemu a mawindo, mabedi, zitseko za magolosale, zonsezo kwa iwo n'zosavuta. Tsoka lake n'lakuti munthu akadziwa chinthu chimodzi, anthu n'kumamutama nacho, amayamba kuona ngati chilichonse padziko pano ndi geti. Ine munthu ameneyu ndimadana naye, ndipo sindibisa. Ngakhale kumpingo anayesa kundikhazika pansi mpaka anatopa.

Amuna anga ankayendetsa takisi, kagalimoto kathukathu, kaja kobwera kuchokera kunja katayendapo kale. Ankanyamula anthu kuchokera ku Zingwangwa kupita m'tauni. Ine ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Zingwangwa pomwepo, ndiye tsiku lonse ndinkawaona akudutsa, dzanja lili kunja, akuitanira anthu ndi zala. Akandiona ankaliza hutala kawiri, anzanga apabenchi n'kumanditsina kuti ukwati wa ena ukukoma.

Ngozi yoyamba inachitika m'mawa wina kukugwa mvula yowaza. Lole yamchenga inaima mwadzidzidzi, iwo n'kuilowa kumbuyo. Ndinathamangira pamalopo. Kutsogolo konse kwa galimoto kunali kutakwinyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, boneti itapindika patatu, madzi a muladiyeta akuyenderera mumsewu. Anthu anali ataunjikana, manja kumutu, akufunsana ngati munatuluka wamoyo m'menemo. Wamoyoyo anali ataima pambali pawo pomwepo, mlomo utang'ambika pang'ono, malaya ali mbuu ndi fumbi la chibaluni chija chimafufuma pachiwongolero galimoto ikawomba. Amayi awiri amene anawanyamula anali akutola tomato wawo.

Lamulungu lake amuna anga anakaima kutsogolo m'tchalitchi kupereka umboni. Foni yawo inayenda benchi ndi benchi, aliyense akuona chithunzi cha galimotoyo n'kupukusa mutu. Ine ndinavina mpaka mpango unagwa. Tonse tinagwirizana chimodzi: galimoto inalephera, Mulungu ndiye anagwirapo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti mwina galimotoyo nayo inachita zimene anaipangira.

Alamu anabwera kudzazonda, koma wodwalayo sanamuyang'ane n'komwe. Anapita molunjika pagalimoto, n'kuimenya theche. Anathothola kachidutswa ka lata, n'kukapinda ndi manja pamaso pathu, akuti taonani zimene azungu ndi Amwenye akutigulitsa masiku ano, mapepala okhaokha. Akuti kale kunali magalimoto, ukawomba mtengo umagwa ndi mtengowo. Anawauza ang'ono awo kuti ayikokere kwa iwo, ayipanga yoti ngakhale sitima idzayipatukira.

Ine mtima sunakhazikike. Ndinawakakamiza amuna anga kuti tiyambe taionetsa kwa bambo wina wachikulire wowongola magalimoto ku Ndirande komweko, Msilamu wa ndevu zoyera amene anakalambira pantchito imeneyo. Bamboyo anagona pansi pa galimoto nthawi yaitali, kenaka anandiitana ine, poona kuti ndine ndimafunsa kwambiri. Anandionetsa zitsulo ziwiri zimene zimachokera kubampala kulowera mkati, mbali iyi ndi iyi ya injini. Anati zimenezo si mapaipi, ndi malata okhuthala amene makina a kufakitale amawadinda n'kuwaphatikiza, ndipo amawaika timakwinya dala kuti galimoto ikawomba azipindika pang'onopang'ono, khwinya ndi khwinya, nkhonya ikafika kwa munthu ifike itatopa. Anati magalimoto a mapaipi alipodi, a mpikisano aja, koma mapaipi ake amazungulira dalaivala ngati khola, iye atamangidwa malamba mapewa onse, chisoti chili kumutu, ndipo amene amawakonza amachita kuwerengera paipi iliyonse. Langizo lake linali loti tidikire mpaka papezeke mphuno ya galimoto ina yamtundu womwewo, pamodzi ndi chibaluni chatsopano ndi lamba, popeza wakaleyo anali atauma osakokekanso.

Nditamuuza zimene alamu amafuna kuchita, anapukuta manja pachiguduli, n'kundiyang'ana.

"Mayi, chitsulo chikakana kupindika, chimapindika ndi chimene chili kumbuyo kwake. Kumbuyo kwakeko kumakhala amuna anuwa."

Amuna anga anamva ndi makutu awo. Koma kudikirako kukanatenga miyezi, ndipo munthu wozolowera msewu akakhala pakhomo masiku atatu amayamba kukangana ndi nkhuku. Madzulo ake alamu anabwera, ine n'kubwereza zonse zimene ananena bambo uja, mpaka za makwinya. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati mdala ameneyo akungofuna ntchito, n'chifukwa chake akuopseza akazi.

"Alamu, inu zanu ndi mabelo a kaunjika. Ine ndinayamba ndakuuzani mtengo wa siketi? Zitsulo tisiyireni eni ake."

Ndinayang'ana amuna anga kuti anenepo kanthu. Iwo anali kuyang'ana zikhadabo zawo. Alamu atapita, amuna anga anandiuza kuti ndawachititsa manyazi, chibale ndi fupa sichiwola, ndipo akulu awo ndi amene anawalera bambo awo atamwalira, sangawapangire choipa. Ndinayankha kuti choipa sichifuna mtima woipa, umbuli wokha umakwanira. Tinagona osalankhulana, ndipo m'mawa mwake galimoto inakokedwa kupita kwa alamu.

Ntchito inatha m'masiku asanu. Anadula zokwinyika zonse n'kuzitaya pamulu wa zitsulo zakutha. M'malo mwake anawotcherera mapaipi a makona anayi, aja okhuthala a mizati ya geti, awiri mbali iyi, awiri mbali iyo, ina yopingasa. Kutsogolo kwa bampala anaikanso chikhola cha mapaipi a madzi, n'kuchipaka penti wakuda. Chibaluni chophulika chija anachidula ndi mpeni, chivundikiro cha pachiwongolero n'kuchimata ndi guluu, mwaukhondo ndithu moti sungadziwe. Lamba anamusiya chomwecho, wongokoleka paphewa ukaona apolisi a pamsewu. Tsiku loitenga alamu anatenga hamala yaikulu n'kumenya paipi ya kutsogolo ndi mphamvu zawo zonse. Inalira ngati belu la pasukulu, osaonetsa ndi chipsera chomwe. Madalaivala amene analipo anaomba m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo hutala uja akalira pamsika sindinkamwetuliranso. Ndinkangoona chikhola chakudacho chikubwera, mtima n'kuti myuu. Ine m'galimotomo ndinasiya kukwera, ndinkayenda pansi kapena kukwera minibasi, ndipo amuna anga ankati ndi mwano.

Panapita miyezi isanu ndi umodzi. Loweruka lina cha m'ma leveni, atangotsitsa anthu chakumtunda ku Manje, akutsetsereka ali okha, wanjinga yamoto anawadulira kutsogolo. Pomuzemba anakawomba chikhoma cha simenti cha pakamlatho. Chikhomacho chinang'aluka. Galimoto inasweka nyali imodzi, penti n'kukalika, basi. Iwo anakhala kanthawi atatsamira chiwongolero, kenaka anailiza n'kuyendetsa okha mpaka kunyumba.

Uthenga utandipeza ndinasiyira mnzanga benchi n'kuthamanga. Ndinapeza pakhomo pali anthu ngati pali chinkhoswe. Alamu anali atafika kale, atavula jekete, akuonetsa aneba ndi madalaivala pamene panagunda. Wina ankagogoda paipi ndi kiyi, wina atagwada akusuzumira pansi. Alamu atandiona anakweza mawu kuti onse amve, akuti alamu anga aja ankatsutsa afika, abwere adzaone okha, kutsutsa galu n'kukumba.

Amuna anga anali pakhonde, pampando wapulasitiki, palibe amene amawayang'ana. Nkhope inali itatuwa, thukuta lili mbwee pamphumi pomwe kunja kunali kamphepo. Dzanja linali pa nthiti za kumanzere. Pamalaya panalibe dontho la magazi. Anandipempha madzi, atamwa anapemphanso ena. Anati phewa lakumanzere likuwawa, chonsecho sanagunde ndi phewa. Ndinati tiyeni kuchipatala pompano.

Alamu anamva, n'kubwera akupukuta manja.

"Chipatala cha chiyani, alamu? Ulendo uja galimoto inatheratu, munthu anatuluka ali bhobho. Lero taonani, ndi kukwinyika komwe sinakwinyike. Ndiye iyeyu avulale ndi chiyani? Ndi shoko chabe imeneyi."

Anthu onse anavomera. Mayi wina woyandikana nafe anati amuna amatero akadzidzimuka, ndingowathowa ndi madzi otentha. Wina anati kuchipatala Loweruka tikangokhala pamzere mpaka Lolemba. Alamu anawonjezera kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwini wakeyo ali ndi pakamwa, anene yekha ngati akufuna chipatala. Amuna anga anayang'ana akulu awo, anayang'ana gulu lija likusisita galimoto, n'kunena motsitsa kuti angopuma kaye pang'ono. Ndinkawadziwa bwino. Kunena kuti ndavulala pamenepo kukanakhala kuwalavulira akulu awo kumaso, anthu akuona.

Apa ndi pamene pamandiwawa kuposa ponse, ndipo ndinena poti ndi zoona. Nanenso ndinatembenuka n'kuiyang'ana galimotoyo. Inali itaima bwinobwino, yonyezimira, ngati yangochokera kotsukitsa. Mawu a bambo wa ndevu zoyera ndinali nawo m'mutu, koma maso anandiposa nzeru. Ndinaganiza kuti mwina ndine ndikukokomeza chifukwa chodana ndi alamu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatereka madzi, ndinawagoneka amuna anga pamphasa n'kumawathowa nthiti ndi kansalu. Ndinawaphikiranso phala, iwo n'kungolawa kamodzi. Maola anayi athunthu ndinakhala ndikuthowa munthu amene magazi amatayikira m'mimba.

Cha m'ma folo anati akufuna kukataya madzi. Anadzuka, anayenda mapazi atatu, n'kugwa chafufumimba pakhomo la kuchipinda. Ndinakuwa. Galimoto imene inali pafupi inali yomweyo, ndiye tinawanyamulira m'menemo, mutu uli pamiyendo panga kumpando wakumbuyo, alamu akuyendetsa. 

Kuchipatala sanatiike pamzere. Namwino atangowagwira pamimba anaitana anzake, n'kundifunsa kuti ngozi yachitika nthawi yanji. Nditanena kuti m'ma leveni, anayang'ana wotchi yake, n'kundiyang'ana ine. Bola akanandilalatira. Anathamanga nawo kuchipinda cha opaleshoni, ndipo dzuwa lisanalowe dokotala anatuluka kudzatiuza kuti chiwongolero chinawaphulitsa kapamba, magazi anali atatayika ambiri, ayesetsa koma zakanika.

Maliro anachitikira pakhomo pathu. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi akumpingo, koma zenera linali lotsegula ndipo ndinkaona panja. Galimoto inali itatsukidwa, itaimikidwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Azibambo obwera kudzakhuza ankayamba aima pamenepo, kuizungulira, kugwira chikhola chija, kenaka n'kumakakhala pamabenchi. Mnzanga wa pamsika anadzandinong'oneza kuti madalaivala awiri afunsa kale alamu kuti adzawapangire zomwezo maliro akatha. Polankhula m'malo mwa banja, alamu anauza anthu kuti ngozi yake inali yaing'ono, aliyense akutha kuona yekha kuti galimoto inamuteteza m'bale wawo, koma nthawi ikakwana yakwana. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe.

Nthawi yonyamuka kupita kumanda itakwana, amayi awiri anandigwira m'mikono kunditulutsa. Bokosi linali litakwezedwa kale. Kumbuyo kwake anaimika takisi yathu, nkhata za maluwa zitadzaza mpando wakumbuyo. Alamu anali ataima pambali, atavala suti, atanditsegulira chitseko chakutsogolo, poti ndi m'mene zimakhalira kuti wamasiye akhale pafupi ndi bokosi. Mwambo umati namfedwa sayankhula, amangopita kumene akumutsogolera. Ndinaima. Amayi aja anayesa kundikoka pang'ono, ine osasuntha, mpaka nyimbo inazilala anthu akudabwa chimene chachitika.

"Alamu, imene munkaiteteza ndi iyi, ndipo mwaipulumutsadi. Kwerani nokha."

Sindinakweze mawu, koma a pafupi onse anamva. Alamu anangoima, dzanja likadali pachitseko. Ndinawalambalala n'kupita kumbuyo kwenikweni kwa mdipiti, kumene kunali lole yonyamula anthu wamba, ndipo azimayi amene anali m'menemo anandikoka manja mpaka ndinakwera. Ndinaima njira yonse nditagwira chitsulo cha m'mbali, fumbi likundilowa m'maso, ndipo amuna anga ndinafika kumanda nditawatalikira ndi magalimoto asanu ndi awiri.