Mphepo ya pa Mpata

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinaona mkazi wanga Nangozo akutsika kudimba kachisanu ndi chimodzi ndi makheni awiri, mwana ali kumsana. Ife kuno kumtunda kwa Lizulu timadalira mbatata ya kachewere, ndipo yam'chilimwe imafuna madzi ngati mwana wakhanda. Ndinamuuza kuti ndikukasaka ndalama ya pampu. Iye anangoti ndipite, koma ndisakabwere ndi wailesi ngati anzanga.

Ku Joni kwenikweniko sindinakhalitseko. Mnzanga wina wa ku Nzama anandiitanira kumunsi, kufupi ndi nyanja yamchere, kumene kampani ina inkadzala makina opanga magetsi ndi mphepo. Abale inu, zinthu zakezo! Nsanja yoyera yotalika kuposa bulugama, pamwamba pake mapiko atatu, phiko limodzi lokha kudzaza lole yathunthu. Ndinayamba ndi kukumba ngalande za mawaya, kenako anandiphunzitsa kukwera ndi lamba kukamanga mabawuti ndi kupaka girisi. Tsiku loyamba kukwera ndinapemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira ku tilitonse kutchalitchi ndili mwana.

Ndalama inali yabwino, ndisaname. Koma kusungulumwa kunkandidya. Lamlungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga kumamvetsera mawu amene Nangozo wajambula pa foni, mpaka tambala wolira kumbuyo kwake ndinkamubwereza. Nditatumiza chithunzi ndili pansi pa mapiko aja, apongozi anga analengeza mudzi wonse kuti mkamwini wawo akukonza ndege. Sindinawatsutse, ndinkamva kukoma.

Kumeneko magetsi ankachuluka masiku ena mpaka mabwana kumakambirana zogulitsa otsala kumaiko oyandikana nawo. Ine mtima unali kwathu. Mwera wa ku Ntcheu umatisasulira madenga chaka ndi chaka, bwanji osautuma ntchito? Patatha zaka zinayi ndinagula kamakina kakang'ono ka mtundu womwewo, mabatire, pampu, ndi kachipangizo koyezera mphepo. Zonse zimene ndinasunga zinathera pamenepo.

Ndinafika kumudzi mu Ogasiti, mbatata itangomera. Ndinamuuza Nangozo kuti makheni aja apatse mng'ono wake, sadzawafunanso. Anawaperekadi. Ndinakwera kaphiri ka kuseri kwa nyumba, kachipangizo m'manja, jekete yonyezimira pathupi. Ku Joni tinkadzala pamwamba penipeni, ndiye nanenso ndinasankha pansonga. Ndinayeza m'mawa umodzi, mphepo inalipo, basi tinakumba n'kudzala nsanja ya kamakina kaja. Anthu anabwera ngati kuli ukwati.

Kanazungulira masiku awiri. Tsiku lachitatu kanayamba manyazi: kutembenukira uku, kutembenukira uko, kenako zii. Pampu inkangotsokomola. Anyamata a pamsika anakapatsa dzina loti ndege ya apongozi. Ine ndinkaseka nawo, koma maso ali kudimba, chifukwa masamba a mbatata anali atayamba kugwa nkhope, ndipo mbatata imeneyo ndiyo chakudya ndi fizi ya chaka chonse. Nangozo anapita mwakachetechete kukabwereka makheni ake omwe. Zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa.

Tsiku lina masana ndinamupeza atasenza nyemba ndi lichero, akulowera kumunsi. Ndinamufunsa chifukwa chake sapetera pakhomo, kapena pakaphiri pomwe pali mphepo.

"Pamwamba paja? Mphepo ya paja ndi yoledzera, bambo a Tadala. Imakubwezera mankhusu kumaso. Ife timapetera pa mpata."

Ndinamutsatira. Pa mpata ndi pamene zitunda ziwiri zimayandikana, pamwamba pang'ono pa dimba lathu. Ndinapeza amayi asanu, apongozi ali pomwepo, aliyense atatembenukira mbali imodzi, mankhusu akuuluka mzere umodzi ngati awalamula. Anandiuza kuti mphepo ya pamenepo imayamba dzuwa likangotentha, imapuma pang'ono masana, n'kubweranso mpaka madzulo. Anatchula ndi miyezi imene imafooka. Zimene akatswiri a ku Joni ankayeza chaka chathunthu, amayiwa ankazinena uku akutafuna nzimbe.

"Nanga osandiuza bwanji?"

Nangozo anati, "Munafunsa kachipangizo kanu. Ife tinati mwina ndege zili ndi malamulo ake."

Amayi onse anafa nazo nseko. Mawa lake tinazula nsanja ija, amuna asanu ndi atatu kuinyamula ngati denga la nkhokwe mpaka pa mpata. Apongozi ndi amene analoza pokumba, ndi chala chakuphazi. Mapiko anagwira mphepo tisanamalize n'komwe kumanga zingwe, ndipo madzi atatuluka mupaipi Nangozo anakhala pansi pamzere, n'kumangowayang'ana akudutsa. Mbatata inadzuka, kupatula mizere iwiri ya m'mphepete.

Magetsi amatsalanso. Kuno msewu ndiwo malire, ndiye abale a ku Mozambiki amawoloka ndi mabatire panjinga kudzatchajitsa, ena kulipira ndi kabichi. Ndimawauza anzanga kuti ine ndimagulitsa magetsi kunja kwa dziko, ndipo palibe angandigwire bodza.

Mwezi wathawu kunabwera anthu a kampani ina pagalimoto, akufufuza malo a makina akuluakulu m'mapiri muno. Ku msika anawalozera kwa ine, eti katswiri wa ku Joni. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi, n'kuwapempha adikire pang'ono. Eni ake a nkhaniyi, Nangozo ndi apongozi, anali atapita kuchigayo.